Wayezetsa katatu ndipo alibe kachilombo, nanga akuonderanji?

M'makalabu athu takhala tikuphunzitsana kuti munthu sangadziwike ndi maso ngati ali ndi kachilombo ka HIV kapena ayi. Tonse timavomera, ena mpaka kuwomba m'manja. Koma tinene zoona achinyamata anzathu: mnzathu akayamba kuonda, nkhope n'kuda, ntchito n'kumamukanika, ambirife phunziro lija timaliiwala. Timayamba kunong'onezana kuseri kuti ameneyu zake zada.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 19 wa m'kalabu ngati yathu. Chaka chatha ankasewera netiboli osatopa. Lero kungopita kumjigo akubwerako ali wefuwefu. Akadzuka pamkeka mofulumira amachita chizungulire, m'maso n'kuchita mdima. Chakudya sichikumukomera ndipo nthawi zina amasanza, koma mchere akuufuna modabwitsa, mpaka kumautapa m'botolo n'kumanyambita. Zovala zonse zamukulira. Wapita kukayezetsa magazi katatu, miyezi ingapo ikudutsa pakati, ndipo ulendo uliwonse aphungu amuuza kuti alibe kachilombo. Kunyumba ena akuti oyezawo analakwitsa, ena akuti walodzedwa, ena akuti akubisa.

Zinthu zoondetsa munthu zilipo zambiri: chifuwa chachikulu cha TB, matenda a shuga, khansa, ngakhale kusowa chakudya kumene. Lero tikambirana za matenda amodzi osowa amene satchulidwa kawirikawiri, otchedwa matenda a Addison, komanso za kuyeza magazi kumene kumathandiza madokotala kudziwa chimene chawayambitsa. Kuyezaku kumafufuza ma antibody, mawu amene ife timawamva nthawi zonse pa nkhani ya HIV. Koma pano tanthauzo la zotsatira zake ndi lina, ndipo ndi bwino tilimvetse.

Tiziwalo tiwiri pamwamba pa impso

Aliyense amene anaonapo mbuzi ikutumbulidwa amazidziwa impso. Pamwamba pa impso iliyonse ya munthu pamakhala kachiwalo kakang'ono kokhala ngati kachipewa, kolemera magalamu 4 kapena 5 okha. Tiziwalo timeneti timatchedwa adrenal. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni, omwe ndi timadzi tonyamula uthenga m'thupi kudzera m'magazi. Mwa mahomoni amenewa, awiri ndi oti munthu sangakhale ndi moyo popanda iwo.

Yoyamba ndi cortisol. Imathandiza kuti shuga wa m'magazi asatsike kwambiri, kuti magazi aziyenda ndi mphamvu yokwanira, ndiponso kuti thupi lipirire likakumana ndi zovuta monga malungo, ngozi kapena opaleshoni. Imachuluka m'mamawa ndipo imachepa pakati pa usiku. Yachiwiri ndi aldosterone, imene imauza impso kuti zisunge mchere wa sodium ndi madzi, koma zitaye mchere wina wotchedwa potassium. Ikasowa, mchere ndi madzi zimatayika ndi mkodzo, BP imatsika, ndipo ndi chifukwa chake mtsikana uja amachita chizungulire n'kumalakalaka mchere. Thupi lake likupempha chimene likutaya.

Nanga khungu limaderanji? Pansi pa ubongo pali kachiwalo kena kotchedwa pituitary, komwe kamatumiza homoni ya ACTH kukalamula adrenal kuti apange cortisol. Kakaona kuti cortisol sakubwera, kamatumiza ACTH wochuluka, ngati munthu amene akukuwa chifukwa amene akumuitana sakuyankha. ACTH akachulukitsa amachititsa khungu kupanga mtundu wakuda wambiri. Kwa mzungu izi zimaonekera patali. Kwa ife a khungu lakuda kale pamafunika kuyang'anitsitsa: mizere ya m'manja, nkhama, lilime, m'kati mwa masaya, ndi zipsera zatsopano. Tisathamange apa. Anthu ambiri athanzi anabadwa ndi nkhama zakuda, ndipo mankhwala ena monga AZT amadetsa zikhadabo ndi m'kamwa. Chofunika kuona ndi kusintha, kuti pamene panali poyera pada m'miyezi yapitayi.

Matendawa amabwera mwakachetechete. Zizindikiro zimaonekera bwino pamene pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a mbali yopanga mahomoniyi awonongeka kale. Munthu angathe miyezi kapena zaka akungopatsidwa mankhwala a malungo, a zilonda za m'mimba kapena oonjezera magazi.

Dzinali linachokera kwa dokotala Thomas Addison wa pa chipatala cha Guy's ku London, yemwe m'chaka cha 1855 analemba za odwala 11 amene anafooka, kuda khungu n'kumwalira. Atawapima atamwalira anapeza kuti tiziwalo ta adrenal tinali titawonongeka, ndipo mwa ambiri a iwo chowononga chinali TB. Mfundo imeneyi tiisunge, tibwererakonso.

Asilikali akatembenukira mwini mudzi

Pa nkhani ya HIV tinazolowera kunena kuti chitetezo cha m'thupi chili ngati asilikali, ndipo kachilombo kamapha asilikaliwo mpaka thupi kutsala lopanda otchinjiriza. Palinso vuto lina losiyana ndi limeneli. Asilikali alipo, ndi amphamvu, koma asokonezeka ndipo ayamba kumenya chiwalo cha mwini wake ngati kuti ndi mdani. Madokotala amati matenda a autoimmune. Shuga wa mtundu woyamba, amene amagwira ana ndi achinyamata n'kumafunika jakisoni wa insulin, amayamba motero. Matenda ambiri a chithokomiro amayambanso motero. Chimodzimodzinso mawanga oyera a pakhungu otchedwa vitiligo.

M'maiko a ku Ulaya, kumene TB inachepa, odwala Addison 8 kapena 9 mwa 10 aliwonse amadwala chifukwa chitetezo chawo chawononga adrenal. Ngakhale kumeneko matendawa ndi osowa: amapezeka mwa anthu pafupifupi 100 mpaka 200 pa anthu miliyoni imodzi, ndipo akazi ndi amene amachulukirapo.

M'chaka cha 1957 ofufuza a ku Glasgow ku Scotland anapeza koyamba kuti m'magazi a odwala ena muli ma antibody olimbana ndi adrenal. Panatenga zaka 35 kuti adziwe chenicheni chimene ma antibody amenewa amalimbana nacho. M'chaka cha 1992 gulu la ofufuza ku Uppsala m'dziko la Sweden, momwe munali Ola Winqvist ndi Olle Kämpe, linaonetsa kuti ndi puloteni yotchedwa 21-hydroxylase, yomwe adrenal amagwiritsa ntchito popanga cortisol ndi aldosterone. Kuyeza kwa masiku ano kumafufuza ma antibody olimbana ndi puloteni imeneyi, ndipo amapezeka mwa odwala pafupifupi 85 mpaka 90 mwa 100 aliwonse amene angowapeza kumene ndi Addison wa mtundu umenewu.

Chodabwitsa n'chakuti ma antibody si amene amagwira ntchito yaikulu yowonongayo. Owononga kwenikweni ndi maselo a chitetezo otchedwa T, a gulu limodzi ndi ma CD4 amene timawadziwa. Ma antibody ali ngati mapazi a fisi pakhomo pa khola. Mapaziwo sanadye mbuzi, koma akukuuza amene anafikapo usiku.

Apa pali kusiyana kofunika ndi kuyeza HIV. Poyeza HIV, ma antibody akapezeka ndiye kuti m'thupi munalowa kachilombo kochokera kwa munthu wina. Poyeza ma antibody a adrenal palibe kachilombo kalikonse. Palibe amene anakupatsira ndipo sungapatsire wina, kaya pogonana, podyera limodzi kapena kudzera m'magazi. Chimene chingayende m'banja ndi chibadwa chokha choti chitetezo chimasokonezeka mosavuta, n'chifukwa chake m'banja limodzi mungapezeke wina wa chithokomiro, wina wa shuga, wina wa Addison.

Kuyezaku kumayankha funso liti?

Ambiri angaganize kuti munthu akaonda n'kuda khungu, angopita kukayezetsa ma antibody basi. Sizili choncho. Dokotala amakhala ndi mafunso awiri, ndipo ma antibody amayankha lachiwiri.

Funso loyamba ndi lakuti, kodi adrenal akugwira ntchito? Poyankha limeneli amayeza BP munthu atagona komanso ataimirira, kuona ngati ikutsika. Amayeza mchere m'magazi, ndipo kawirikawiri sodium amapezeka wotsika pamene potassium wakwera. Amatenga magazi m'mawa cha m'ma 8 koloko kuti ayeze cortisol, popeza nthawi imeneyo ndi pamene amayenera kukhala wochuluka. Ngati cortisol ndi wochepa pamene ACTH ndi wochuluka, ndiye kuti vuto lili mu adrenal. Pakakhala chikayiko amabaya wodwalayo mamaikulogalamu 250 a mankhwala ofanana ndi ACTH otchedwa Synacthen, n'kuyezanso cortisol pakatha mphindi 30 kapena 60. Adrenal wabwino amayankha, wowonongeka amangokhala duu.

Funso lachiwiri ndi lakuti, chawononga n'chiyani? Apa ndi pamene ma antibody a 21-hydroxylase amalowa. Si kuyeza kwa pachala kwa mphindi zochepa ngati kumene tinazolowera. Magazi amatengedwa pamkono n'kutumizidwa ku labotale yaikulu, ndipo zotsatira zimatenga masiku. Ubwino wake ndi wakuti safuna kusala chakudya kapena kusankha ola, ndipo angayezedwe ngakhale munthu atayamba kale kumwa mankhwala.

Ma antibody akapezeka mwa munthu amene cortisol wake ndi wochepa, nkhani yadziwika: ndi chitetezo chake chimene chachita izi. Koma dokotala sathera pomwepo, chifukwa pafupifupi theka la odwala otere amakhala kapena adzakhala ndi matenda ena a mtundu womwewu. Ayenera kuyezedwa chithokomiro, shuga ndi vitamini B12 nthawi ndi nthawi. Atsikana ndi amayi ayeneranso kuuzidwa kuti mwa ena msambo umasiya msanga asanafike zaka 40, nkhani yofunika kuidziwa pokonzekera za banja. Palinso chenjezo limene limapulumutsa moyo: munthu akapezeka ndi vuto la chithokomiro ndi la adrenal pamodzi, amayamba kaye kulandira mankhwala a adrenal, chifukwa kuyamba ndi a chithokomiro kungamugwetse mwadzidzidzi.

Ma antibody akapanda kupezeka sindiye kuti munthuyo ali bwino. Ndiye kuti ayenera kufufuza kwina. Amamuyeza TB ndi HIV, ndipo kumene makina alipo amajambula adrenal ndi CT scan kuona ngati atupa, ali ndi zipsera za TB, atayikira magazi kapena afikiridwa ndi khansa. Kwa mnyamata kapena mwana wamwamuna amaganiziranso matenda obadwa nawo otchedwa adrenoleukodystrophy. Tidziwenso kuti ma antibody amachepa zaka zikamapita, choncho munthu amene wadwala nthawi yaitali angapezeke alibe ngakhale chitetezo ndicho chinayambitsa.

Ndipo pali anthu ena amene amapezeka ndi ma antibody koma adrenal wawo akugwirabe ntchito bwinobwino. Nthawi zambiri amenewa ndi odwala shuga kapena chithokomiro amene adokotala awayeza pofuna kusamala. Ena mwa iwo amadzadwala pakapita zaka, ena sadwala konse. Safunika kuyamba mankhwala, koma amayenera kumayezedwa cortisol nthawi ndi nthawi ndi kudziwa zizindikiro. Pa chifukwa chimenechi ife sitikulimbikitsa kuti wachinyamata aliyense wathanzi akafune kuyezedwa ma antibody amenewa. Kuyezetsa HIV n'kwa tonse, koma kuyeza uku n'kwa amene adokotala awaonera chifukwa.

Kuno kwathu TB sinachoke

Zimene Thomas Addison anaona ku London mu 1855 zikuchitikabe kum'mwera kwa Africa. TB sigwira mapapo okha. Imayenda ndi magazi n'kukakhala m'mafupa, m'mimba, mu ubongo, komanso mu adrenal, ndipo ingawononge tiziwaloti ngakhale patapita zaka munthu atachira chifuwa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1999, wa odwala Addison 50 pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse vuto lake linali logwirizana ndi TB, yatsopano kapena yakale. Kafukufuku wina wa ku South Africa komweko, wa mu 2010, anapeza ma antibody mwa pafupifupi theka la odwala, koma ambiri mwa amene anayezedwa anali azungu. Choncho chiwerengero cha ku Ulaya chija sitingangochitengera kuno.

Apa ndi pamene nkhaniyi imakumana ndi HIV. Munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri amagwidwa mosavuta ndi TB, kachilombo ka CMV ndi matenda a mafangasi monga cryptococcus, ndipo onsewa angathe kuwononga adrenal. Vuto n'lakuti kufooka, kuonda, kusanza ndi kutsika kwa BP zonse timangozikankhira kwa HIV. Choncho pali anthu awiri amene angasowe thandizo: wopanda kachilombo amene anthu akumunena kuti ali nako, ndi amene ali nako koma vuto lake la adrenal palibe akuliganizira. Wachiwiriyu amamwa ma ARV mokhulupirika, tizilombo tachepa m'magazi, koma mphamvu sizikubwerera. Ameneyu ali ndi ufulu wofunsa kuti, "Adokotala, kodi mungandiyezeko mchere wa m'magazi ndi BP nditaimirira?" Safunsa anadya phula.

Mankhwala ena amakhudzanso nkhaniyi. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya cortisol mofulumira. Munthu amene adrenal wake ndi wofooka kale angathe kugwa m'masabata oyambirira a mankhwala a TB, ndipo amene amamwa kale mankhwala a Addison amafunika kuwonjezeredwa mlingo. Izi sizikutanthauza kuti tisiye mankhwala a TB, ayi ndithu. Zikutanthauza kuti tikafooka kwambiri titayamba mankhwalawo tibwerere kuchipatala msanga, ndipo tiziwauza achipatala mankhwala onse amene tikumwa.

Tisaiwale khalidwe lina lomwe lili pakati pathu. Mafuta ena oyeretsa khungu amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol ndi betamethasone, ndipo ena amamwa mapiritsi a dexamethasone kapena prednisolone ogula mumsika kuti anenepe. Mankhwalawa amagwira ntchito ngati cortisol. Thupi likawalandira kwa nthawi yaitali, adrenal amagona poona kuti ntchito yake ikugwiridwa ndi wina. Ukasiya mwadzidzidzi umatsala wopanda cortisol. Kumeneku si Addison weniweni, ma antibody sapezeka ndipo khungu silida, koma munthu angathe kufa chimodzimodzi. Amene wakhala akumwa kapena kudzola mankhwala otere kwa nthawi yaitali apite kuchipatala akamuthandize kusiya pang'onopang'ono.

Moyo ukupitirira

Kale matendawa anali imfa basi. Zinthu zinasintha asayansi Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein atapatula mahomoni a adrenal, ndipo mu 1950 iwo pamodzi ndi Philip Hench analandira mphoto ya Nobel. John F. Kennedy anapezeka ndi matenda a Addison mu 1947 ali ku London, ali ndi zaka 30. Analinso ndi vuto la chithokomiro. Ankamwa mankhwala ake, ndipo mu 1961 anakhala mtsogoleri wa dziko la America. Iye ndi omuzungulira ankabisa matendawa poopa kuti anthu sangamuvotere, zomwe zikutikumbutsa kuti kuopa kusalidwa sikunayambe ndi Edzi.

Adrenal akawonongeka sabwereranso, choncho mankhwala ake ndi a moyo wonse, monga momwe zilili ndi ma ARV. Wamkulu amamwa hydrocortisone, kawirikawiri mamiligalamu 15 mpaka 25 patsiku, ogawidwa kawiri kapena katatu, wochuluka m'mawa akangodzuka. Kumene hydrocortisone wa mapiritsi palibe, adokotala angapereke prednisolone wochepa. Pamwamba pake amamwa fludrocortisone m'malo mwa aldosterone, ndipo saletsedwa mchere. Mlingo weniweni amaika ndi adokotala. Odwala ambiri amamva kusintha m'masiku ochepa: chilakolako cha chakudya chimabwerera, chizungulire chimatha, ndipo khungu limayera pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira. Angathe kuphunzira, kugwira ntchito, kukwatira kapena kukwatiwa n'kubereka ana.

Choopsa chimene chimatsala ndi tsiku la matenda. Thupi la munthu wabwinobwino limachulukitsa lokha cortisol likagwidwa ndi malungo kapena kutsegula m'mimba. La wodwala Addison silingathe. Choncho amaphunzitsidwa kuti thupi likatentha awirikize kawiri mlingo wa hydrocortisone mpaka atachira. Akayamba kusanza moti mapiritsi sakukhala m'mimba, imeneyo ndi ngozi, osadikira kuti kuche. Zizindikiro zake ndi kufooka kwambiri, kupweteka m'mimba, kuzizira manja ndi miyendo, kubwebweta kapena kukomoka. Thandizo lake ndi jakisoni wa hydrocortisone wa mamiligalamu 100 kwa wamkulu, ndi diripi ya madzi a mchere mwamsanga. Madokotala amaphunzitsidwa kuti akangokayikira vuto limeneli apereke jakisoniyo asanadikire zotsatira za labotale. Anthu ambiri amadziwika kuti ali ndi Addison pa tsiku lotere, atafika kuchipatala ali chikomokere.

Tibwerere kwa mtsikana uja. Chimene kalabu ingamuchitire si kumuuza dzina la matenda ake, popeza ife si madokotala ndipo mwina akudwala china. Tingathe kuleka kunong'ona, n'kumuperekeza kuchipatala atatenga buku lake la zaumoyo ndi zotsatira zitatu zija. Tingamuthandize kufotokoza zonse mwadongosolo: anayamba liti kuonda, chizungulire chimabwera nthawi yanji, za mchere zija, kusintha kwa m'manja ndi m'kamwa, ngati anadwalapo TB, ngati kwawo kuli wa shuga kapena chithokomiro, ndi mafuta kapena mapiritsi alionse amene wakhala akugwiritsa ntchito. Ngati pachipatala chaching'ono sakupeza chifukwa, apemphe kalata yomutumiza kuchipatala cha boma, ndipo kuchokera kumeneko angatumizidwe ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu.

Akapezeka ndi Addison, aziyenda ndi kakhadi m'thumba kolembedwa dzina la matendawa, mankhwala amene amamwa ndi mlingo wake, komanso mawu oti akakomoka kapena kusanza kwambiri abayidwe hydrocortisone msanga. Makolo ake, amene amagona naye chipinda chimodzi kusukulu, ndi anzake awiri kapena atatu a m'kalabu adziwe pamene kakhadiko kamakhala. Asamadikire kuti mankhwala athe asanakatenge ena, ndipo popita ulendo azitenga oonjezera a masiku angapo.